Mangochi kapena Kachulu pa ulendo wa tsiku limodzi?

Anzanga akhala akundifunsa kuti Loweruka angakaone nyanja iti n'kubwerera ku Zomba tsiku lomwelo, ndiye ndingoyankha kamodzi. Za Cape Maclear iwalani, mukangofika dzuwa lapendeka. Atsala ndi Mangochi ndi Kachulu.

Ku Mangochi ndi tara yekhayekha, msewu wa M3 kudzera pa Liwonde, ngakhale pa Liwondepo kondakitala akhoza kukugulitsani ku minibasi ina yopanda anthu. Tawuni ya Mangochi payokha ili m'mbali mwa Shire, pakati pa nyanja ya Malombe ndi ya Malawi. Pa boma mukaona mlatho wa Bakili Muluzi ndi nsanja ya wotchi ya Queen Victoria, yotsala kuyambira tawuniyi ikutchedwa Fort Johnston. Mchenga weniweni uli kutsogolo, njira ya ku Monkey Bay, cha ku Nkopola ndi Makawa.

Apa ndi pomwe mtima wanga unawawa. Gombe labwino lambiri lili kuseri kwa mipanda ya malo ogona alendo. Pamalo ena tinalipira pageti munthu aliyense, ngakhale ana, pongofuna kukhala pamchenga. Titakhazikika, mlonda anaona mpunga ndi nkhuku zomwe tinaphika kunyumba, akuti zakudya zochokera kunja zili ndi mtengo wake. Zakumwa nazo chimodzimodzi. Palibe amene anatiuza pageti paja. Ndalama yogulira chambo inathera pomwepo, ndipo mpaka lero sindinawakhululukire. Mukapita, funsani zonsezi musanatsitse katundu.

Kachulu ndi kwathu konkuno, padoko la nyanja ya Chilwa, kudzera ku Matawale. Simukasambirako ayi: madzi ake ndi amatope, amchere pang'ono, chifukwa nyanjayi ilibe mtsinje wotulukira, ndipo imaphwa zaka za chilala monga zinachitikira mu 1995. Koma palibe geti. Mukakwera bwato kupita ku chilumba cha Chisi, mukaona mbalame zam'madzi zomwe zinachititsa kuti Chilwa ilowe m'ndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse, n'kugula matemba ndi makumba kwa asodzi enieniwo. Vuto ndi msewu nthawi ya dzinja.

Ngati ana akulirira kusambira, pitani ku Mangochi, nyamukani kusanache. Ine ndalama yanga ndimakasiya kwa asodzi a pa Kachulu.