Mizere ya magetsi a galimoto pa M1: shata yochedwa, timelapse kapena Echo?

Amene munatsikapo mapiri a Chikwawa usiku mukudziwa mmene magetsi a galimoto amakhotakhotera m'makona aja mpaka kufika pa Thabwa. Ndayesa njira zitatu zoti mizere imeneyi ituluke pa vidiyo.

Povuta ndi apa: vidiyo imayenda zithunzi 25 pa sekondi, ndiye shata, kachitseko kolowetsa kuwala mu kamera, siingakhale yotsegula kupitirira 1/25 ya sekondi. Galimoto yothamanga makilomita 50 pa ola imangosuntha theka la mita m'kanthawi kameneko. Mzere ungachokere kuti?

Njira yoyamba ndi shata yochedwa: makamera ena amalola kutsitsa shata mpaka 1/6 kapena 1/3 ya sekondi. N'zosavuta, koma kamera imangobwereza chithunzi chimodzi kangapo, vidiyo n'kumadukizadukiza, mizere yakenso yosapitirira mamita asanu. Njira iyi ndinaisiya msanga.

Timelapse ndiyo imatulutsa mizere yokongola kuposa zonse. Mumajambula zithunzi wamba, chilichonse shata itatseguka masekondi 4, ISO (mphamvu ya kamera yomvera kuwala) 100, bowo la lenzi pa f/8, kenako n'kuzilumikiza pa kompyuta kuti zikhale vidiyo. M'masekondi 4 galimoto ija yayenda mamita oposa 50, mzere wake wosalala bwino. Koma werengani: vidiyo ya masekondi 10 imafuna zithunzi 250, kutanthauza mphindi pafupifupi 20 mutaimirira, udzudzu wa ku Shire ukukudyani m'akakolo. Ndipo kuno si Blantyre. Pa Kamuzu Bridge ikakwana 8 koloko mumatha kudikira nthawi ndithu musanaone lole yochokera ku Nchalo, mwina kabaza wa njinga yamoto mmodzi basi. Tsiku lina ndinabwerako ndi zithunzi zambiri za mdima wokhawokha, ndipo nditazilumikiza kuwala kunkangophethira, kubwera n'kuzimiririka.

N'chifukwa chake kuno kuchigwa ndimakonda yachitatu. Ndimajambula vidiyo wamba, n'kudula pamene padutsa galimoto, kenako n'kuikapo Echo ya mu pulogalamu yokonzera vidiyo ya After Effects, yoikidwa pa Maximum. Imasanjikiza zithunzi zam'mbuyo n'kusunga zowala zokha, ndiye mumaona loleyo ikuyenda uku ikukoka mchira wofiira. Opanda After Effects, pulogalamu ya ffmpeg ndi yaulere ndipo fyuluta yake yotchedwa lagfun imagwira ntchito yofananako. Chenjerani chimodzi: shata ikhale pa 1/25 yeniyeni. Mukaisiya pa 1/50, theka la nthawi kamera siikuona kanthu, mzere umatuluka woduka ngati mikanda. Kuipa kwake, mdima ukakula mumakakamizika kukweza ISO, ndipo Echo imaunjikanso timadontho tonse ta m'chithunzi.

Njira iliyonse, kamera ikhale pa thirayipodi (choimikira cha miyendo itatu), fokasi muike ndi dzanja poloza getsi lakutali, chifukwa ya otomatiki imasochera galimoto ikangowalitsa. Pamlatho penipeni musaimikepo, pamanjenjemera lole ikamadutsa. Fikani dzuwa litangolowa, kumwamba kukadali kobiriwira, kuti mapiri ndi mtsinje zionekeko kuseri kwa mizereyo.