Chisoti cha M40 cha ET64: chitsulo ndi chenicheni, koma nambala yakumbuyo si tsiku

Nyenyezi 3 mwa 5.

Chisoti chachitsulo cha asilikali a Germany ichi, cha pa Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse, chidafika chokutidwa bwino, chopanda chibonyo chatsopano. Chitsulocho palibe chochikayikira. Mkombero wake ndi wopindira mkati, ndipo timabowo tiwiri ta mpweya adatiboola ndi kutitukula pa chitsulo chomwecho. Umu ndi momwe mtundu wa chisoti wotchedwa M40 umakhalira. Chikadakhala cha mtundu wa M35, timabowoto tikadakhala ndi timphete tochita kulowetsa, ndipo M42 mkombero wake ndi wosapinda.

Vuto lili pa zomwe wogulitsa adalemba, zoti nambala yodindidwa mkati, kumbuyo kwa khosi, ndi "nambala ya chisoti ndi tsiku lomwe chidapangidwa". Zimenezi n'zabodza, ndipo ndi zomwe adakwezera mtengo. Nambala imeneyi ndi lot number, imasonyeza gulu la chitsulo chomwe fakitale idaumbira zisotizo. Zisoti zambirimbiri zidatuluka ndi nambala imodzi yomweyo. Simungaigawe n'kupezamo mwezi kapena chaka. Ntchito yake ndi yoti muiyerekeze ndi zisoti zina za fakitale yomweyo ndi mtundu womwewo, zomwe zamkati mwake sizidasinthidwepo, kenako muone kuti chanu chikugwera nthawi iti. Mukayerekeza nambala ya ET, fakitale yomwe idapanga chisoti ichi, ndi ya fakitale ina mwataya nthawi, chifukwa iliyonse inkawerenga mwayokha. Ngakhale pa ET pomwepo, manambala adayambiranso pansi, choncho yambani mwadziwa mtundu wa chisoti musanakhulupirire nambala.

Chidindo chinacho chili mkati, mbali ya kumanzere pafupi ndi khutu: ET64. ET ndi Eisenhüttenwerke ya ku Thale, yomwe pambuyo pake idayamba kudinda ckl m'malo mwa ET. Mafakitale ena ndi Q wa Quist ku Esslingen, NS ku Schwerte, EF ku Fulda, ndi SE ku Lauter, yomwe idasanduka hkp. 64 ndi saizi ya chitsulo, osati ya mutu. Chitsulo cha 64 chimalandira chamkati (chikopa chokhudza mutu pamodzi ndi lamba wake) cha 56 kapena 57. Malo a zidindo ziwirizi akugwirizana ndi zisoti zoyambirira, popeza chakumapeto kwa nkhondo dzina la fakitale lidasamukira kumbuyo, pafupi ndi lot number.

Manambalawo ndi osazama ndipo penti idawakwirira pang'ono. Zimitsani magetsi, gonekani tochi kuti kuwala kudutse chammbali, muone ndi galasi lokulitsa ka 10. Mthunzi ndi womwe umasiyanitsa 3 ndi 8, kapena 1 ndi 7. Chonde musayerekeze kupalapo ndi sandipepala kapena bulashi ya waya. Penti yakale ikachoka sibwerera, ndipo mtengo umagwa pomwepo. Pa chisoti ichi dzimbiri ndi penti zalowa mofanana m'mizere ya manambala ndi pambali pake. Nambala yodinda posachedwa imaoneka yowala mkati, penti yozungulira itathetheka.

Chamkati ndiye chandikhumudwitsa. Lamba wogwira chikopa ndi wa aluminiyamu, wodindidwa 1937, pamene M40 idayamba kupangidwa mu 1940, ndipo zambiri zimapezeka ndi lamba wachitsulo. Saizi ikugwirizana, 64 ndi 57, koma mapini atatu ogwira lambayo akuulula zonse: miyendo yake ili ndi zipsera zoti idawongoledwa n'kupindidwanso, ndipo penti ya pamitu pake ikusiyana ndi ya chisoti. N'zotheka kuti adasintha ndi okonza zida nthawi ya nkhondo yomweyo, zinkachitika. Koma wogulitsa adalemba kuti "sichidakhudzidwepo", ndipo pa zithunzi zake padalibe n'chimodzi chomwe choonetsa miyendo ya mapiniwo. Chifukwa cha kusinthaku, chaka cha pa lamba sichingathandizenso kudziwa nthawi ya lot number.

Chiwombankhanga chomata cha kumanzere chikuoneka chakale, ming'alu yake ikuyenda pamodzi ndi ya penti. Kukhala chimodzi n'koyenera, poti chizindikiro chachiwiri, chishango cha utoto wa mitundu itatu, adachiletsa mu 1940, ndipo mu 1943 adasiyiratu kumata zizindikiro.

Kwa wofuna chitsulo chenicheni cha ET chophunzirirapo zidindo, ichi n'chabwino, bola mtengo utsike kufika pa wa chisoti chosinthidwa chamkati. Musanalipire, pemphani zithunzi zinayi zapafupi: chidindo cha fakitale, lot number, chaka cha pa lamba, ndi miyendo ya mapini onse atatu.