Loyverse pa shopu yanga ku Kapata, miyezi 7 tsopano

Anthu angapo mwakhala mukundifunsa za ka app kaja ndimadinadina kasitomala akagula, ndiye ndati ndingolemba kamodzi basi m'malo moyankha mmodzimmodzi. Dzina lake ndi Loyverse POS, ka app ka pa foni kolemberamo zogulitsa ndi katundu wa mu shopu, kali pa Play Store ndipo kudawuniloda ndi ulele. Ine ndimagulitsa zitenje, mafuta odzola, ma slippers ndi tina ndi tina pafupi ndi msika wa Kapata ku Chipata, katundu wambiri ndimakaoda ku Kamwala ku Lusaka, wina konkuno ku Down Shops.

Kale ndinkangodalira chikwama. Madzulo ndawerenga ndalama, zikakhala zambiri ndikuti ah lero Mulungu wadalitsa, koma mwezi ukatha ya oda siyikukwana, mpaka ndinayamba kuganizira mtsikana wondithandiza kuti mwina ali ndi dzanja lalitali. Ndinamulakwira mwana wa eni, vuto silinali iye.

Mukamalowetsa katundu mu app pali malo awiri, mtengo wogulitsira ndi mtengo umene munagulira. Wachiwiriwo ambiri amaudumpha chifukwa cha ulesi, chonde osadumpha, nkhani yonse ili pamenepo. Ine pa chitenje chilichonse ndinaphatikizapo ya basi ya ku Lusaka kupita ndi kubwera, yolipira katundu komanso ya malo ogona, ndikugawa pa ma pisi onse. Patatha mwezi nditatsegula lipoti ya sales by item, yoonetsa mmene katundu aliyense wagulidwira, ndinakhala chete kaye. Zitenje ndi zimene zinali pamwamba pa zogulitsidwa, zoona, koma pa phindu zinali pansi kwambiri, chifukwa munthu wa chitenje sagula osanenerera, amayi bwezaniko K10, ndine kasitomala wanu wakale, iwe nkubweza poopa kuti apita pa shopu ya neba. Pamene mafuta odzola amene ndinkawaika kuseri ngati ongodzazira shelefu ndi amene ankandilipirira lendi, palibe amanenerera ndipo munthu yemweyo amabweranso akatha. Ndinawasunthira kutsogolo, oda ya zitenje ndinaichepetsa, ndimaikweza chabe mu February Nc'wala ikayandikira ku Mtenguleni, komanso nthawi imene alimi agulitsa soya ndi chimanga, apo ndiye zimayenda popanda zonenerera zambiri.

China chimene ndakonda, mumatha kuwonjezera njira zolipirira nokha. Ndinaika cash, Airtel Money, MTN MoMo, nkuikanso ina ndinaitcha NKHONGOLE. Abale, mwezi woyamba nkhongole inapitirira K1,800, yambiri ya achibale ndi azimayi a ku tchalitchi, ija ya ndikupatsani pa month end. Uli nayo m'mutu imaoneka yochepa, ukaiona pa sikirini ndi pamene manyazi okana amatha.

Imaonetsanso maola amene anthu amagula kwambiri. Kwa ine ndi kuyambira 16 mpaka 18 hours anthu akuweruka ku ntchito, chonsecho ine ndinkatseka 17 kuthamangira kuphika. Pano nsima imachedwa, bambo a kunyumba anazolowera.

Za malonda a pa Facebook ndinene pang'ono poti nazonso ndi manambala. Ndinabusita positi, kulipira Facebook kuti ionekere anthu ambiri, ndi K200 koma pa malo ndinasankha Zambia yonse, ma like anabwera mazanamazana a ku Kitwe ndi Ndola, wogula mmodzi yekha. Kulakwa kunali kwanga, munthu wa ku Copperbelt angakwere basi kudzagula slippers ku Chipata? Kuchokera pamenepo kasitomala watsopano aliyense ndimamufunsa kuti mwamva kuti za shopu ino, ndikulemba pa dzina lake mu app. Ambiri akuti pa status ya WhatsApp kapena anauzidwa ndi mnzawo, zinthu zaulele.

Zoti mudziwe musanayambe. Kulowetsa katundu koyamba ndi chintchito, ine zinanditengera Sande ziwiri titachoka ku tchalitchi. Phindu limene imaonetsa ndi gross, lendi, malipiro a wantchito ndi levy ya ku khonsolo muchotse nokha, musadye ndalama mukuganiza kuti yonse ndi yanu. Netiweki ikavuta imagulitsabe, imadzatumiza yokha intaneti ikabwera, koma foni ikazima ndi load shedding ndiye mwagwa nayo, gulani power bank. Ndipo ngati wantchito waiwala kudina ngakhale ka lotion kamodzi, stock ndi ndalama sizigwirizana, ndiye lamulo lathu ndi loti chenji sichituluka usanadine.

Ya ulele imaonetsa malipoti a masiku 31 apitawa, ukafuna mbiri yonse umalipira pamwezi. Ine sindinafike pamenepo, tsiku lomaliza la mwezi ndimakopera manambala atatu mu hardcover yanga yakale ija, zonse zogulitsidwa, phindu ndi nkhongole, ndipo ndikapita ku Kamwala bukulo limakhala m'chikwama. App imeneyi ndikuipatsa nyenyezi 4 pa 5. Wa kantemba ka tomato ndi mafuta a mu tumapaketi mwina ndi zochuluka, koma ngati muli ndi katundu wa mitundu yopitirira 30 yesani mwezi umodzi, muyambe ndi kulemba mtengo wogulira.