Batire ya NiMH kapena ya LiPo pa boti la rimoti?

Mabatire awiriwa mphamvu zake zimaoneka zoyandikana: NiMH ya maselo (tizigawo ta m'kati mwa batire) 6 imatulutsa 7.2V, LiPo ya maselo 2 imatulutsa 7.4V. Koma boti likagwera pamadzi, kusiyana kwake kumaonekera.

Kulemera: NiMH ndi yolemera, boti limakhala ngati likukoka mwala. LiPo ndi yopepuka, boti limanyamuka msanga.

Mtengo: NiMH siboola m'thumba. LiPo imafunanso tchaja yake yolinganiza maselo.

Kupirira: NiMH imakhululuka ukaiwala. LiPo ayi. Selo ikatsika kupitirira 3.0V imaonongeka, ndipo ikafufuma kapena kubooka imatha kuyaka moto.

Nkhani yaikulu ili pa chitetezo. Ndi LiPo, ESC (chipangizo cholamulira liwiro la mota) iyenera kudula mphamvu selo ikafika cha m'ma 3.2V. Sankhani kudula kochepetsa liwiro pang'onopang'ono, osati kozimitsiratu, chifukwa boti loima pakati pa dziwe limafuna munthu wosambira. NiMH imachenjeza yokha: boti limayamba ulesi, inu n'kulibweza kumtunda.

Mulimonsemo, tcherani failsafe (dongosolo la chitetezo) ya risiva, kachipangizo ka m'boti kolandira malamulo a rimoti, kuti mota iime siginolo ya rimoti ikaduka. Yesani botilo lili pa tebulo, pulopela ili m'malere: zimitsani rimoti, muone ngati yaimadi.

Wongoyamba kumene, kapena wogulira mwana, atenge NiMH. Wofuna liwiro, amenenso sangaiwale kusunga maselo pa 3.8V akamaliza kusewera, LiPo ndiye yake.