Zithunzi za a Inuit: zodinda pamwala kapena za pensulo?

Ku Kinngait, mudzi wa kumpoto kwa Canada kozizira koopsa kuja, a Inuit, omwe ndi eni nthaka kumeneko, amagoba chithunzi pamwala wosalala, kupakapo inki nkudinda papepala, ngati chithunzi chotchuka cha kadzidzi chomwe mayi Kenojuak Ashevak anajambula mu 1960. Koma a m'badwo watsopano ngati Annie Pootoogook, amene anawina mphoto ya zaluso ya ku Canada yotchedwa Sobey mu 2006, anatchuka ndi mapensulo amitundumitundu, kujambula za tsiku ndi tsiku basi, anthu ali phee kuonera TV, ena akugula musitolo.

Mtengo: zodinda kawirikawiri amatulutsa makope 50 ndiye umatsikako, chapensulo chimakhala chimodzi chokha, thumba likhale lokonzeka.
Kulimba: zonse ndi pepala, padzuwa zimasuluka, muziike mu felemu yagalasi, kutali ndi dzuwa.

Ongoyamba kumene kugula zithunzizi tengani chodinda. Ofuna chomwe mnzanu sangakhale nacho, chapensulo, ineyo mtima uli komweko.