Timapepala toyezera mimba: ntabwino, koma dzuwa la kuchigwa limatiwononga

M'masitolo a mankhwala a ku Nchalo, Ngabu ndi Bangula mumapezeka mitundu iwiri: kapepala kowonda koviika mumkodzo, ndi kapulasitiki kodonthezerapo madontho atatu. Mkati mwake n'chimodzimodzi. Kapulasitiki n'kodula chifukwa cha chikuto chabe, ndiye ngati ndalama zachepa, kapepala kakukwanirani.

Chimene chimagwira ntchito ndi ma antibody, mtundu wina wa mapuloteni, amene anaumitsidwa pakapepalapo. Amagwira chinthu chimodzi chokha, hCG, imene thupi limayamba kupanga dzira lokumana ndi umuna likakhazikika m'chiberekero. Mkodzo ukamakwera umanyamula ma antibody opakidwa utoto. Ngati muli hCG, amakodwa pamzere wosonyeza mimba, wotchedwa T, ndipo mzerewo umafiira. Mzere winawo, wotchedwa C, umangotsimikiza kuti mkodzo wayenda bwino. C akapanda kuoneka, tayani, ngakhale T atafiira chotani.

Tungani mkodzo woyamba wa m'mawa m'kapu youma. Viikani mbali ya mivi, osapyola mzere wolembedwa MAX, kwa masekondi amene alembedwa papaketi. Goneketsani pamalo osanyowa, muwerenge pakatha mphindi 5. Zikapitirira mphindi 10 musakhulupirirenso, chifukwa mkodzo ukamauma umasiya kamzere kotuwa konamiza. Koma kamzere kofiirira koonekera m'nthawi yake, ngakhale kakhale kozimiririka, nthawi zambiri ndi mimba.

Vuto lathu ndi kutentha. Mapaketi ambiri amalemba kuti tisungidwe pa madigiri 2 mpaka 30, pamene kuno mu Okutobala ndi Novembala 40 timamupyola. Ma antibody ndi mapuloteni, ndipo kutentha kwa nthawi yaitali kumawafooketsa. Paketi yopachikidwa pawindo la okala ya malata, yosuluka ndi dzuwa, isiyeni ngakhale tsiku lothera ntchito lisanafike. Yobooka kapena yotupa nayonso ayi. Chinyezi chalowa kale. Kathumba kakang'ono kamene kali mkatimo n'koyamwa chinyezi, si mankhwala, ndipo ana asakatole.

Kutenthaku kumalowereranso kwina. Mayi amene wamwa madzi ambiri masana mkodzo wake umasungunuka, hCG n'kuchepa kufika pansi pa mlingo umene timapepala tambiri timayambira kumva. Kufulumira nakonso kumanamiza. Yezani tsiku losamba litadutsa, ndipo ukatuluka mzere umodzi koma kumwezi simunapitebe, bwerezani pakatha masiku atatu, poti m'masabata oyambirira hCG imachuluka kawiri pamasiku awiri kapena atatu alionse.

Kapepala sikanena komwe mimba yakhala. Mizere iwiri pamodzi ndi ululu wa mbali imodzi ya chinena kapena kutaya magazi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, mwina yakhala kunja kwa chiberekero. Amene angopita padera kapena angochira kumene amathanso kuona mizere iwiri kwa masabata angapo. Ena onse, mizere iwiri ndi chiyambi cha sikelo, ndipo anamwino amafuna mukayambe miyezi itatu isanathe.