Ndinkafuna kugula ma pickup atsopano, amisiri a ku Luwinga anangopota ma screw

Gitala yanga ndi zija zofanizira Stratocaster, anandibweretsera ndi alamu anga kuchokera ku Joni. Ili ndi ma pickup atatu (tizipangizo ta maginito pansi pa nsambo, totola mawu kupita ku ampulifaya): humbucker, ya makoyilo awiri a waya, pafupi ndi bridge pomwe nsambo zimakhazikika kumunsi, ndi ma single coil awiri, a koyilo imodzi. Ndimaimbira kutchalitchi kwathu ku Chibavi mu Mzuzu, mwa apo ndi apo pa maukwati.

Vutoli ndinaliputa ndekha. Ndinamva kuti pickup ikayandikira nsambo gitala imalira mwamphamvu, ndiye ndinakweza onse atatu mpaka kutsala pang'ono kugunda nsambo. Kufuula inkafuuladi. Koma nsambo yaikulu ya E, ndikaigwira kuyambira pa fret 12 (ma fret ndi tizitsulo topingasa pa khosi la gitala) kupita mtsogolo, inkamveka ngati amayi awiri akwaya amene sanagwirizane poyambira. Ndikachuna, singano ya chochunira inkangovina osakhazikika, mawunso ankazima msanga. Wa kiyibodi ankandiponyera diso Lamlungu lililonse. Ine n'kuti ma pickup atha, ndinayamba kufunsa mitengo ku Lilongwe.

Mnzanga woimba bass ndiye anandilozera kwa bambo ena ku Luwinga, okonza ma ampulifaya ndi zokuzira mawu. Anailiza kamphindi, n'kuseka. "Achimwene, pano palibe chafa. Maginito akukoka nsambo, sikugwedezeka mwaufulu."

Kagwiridwe kawo ka ntchito ndi kamene kandilembetsa ndemangayi. Anadina nsambo pa fret yomaliza, n'kuyeza ndi karula kachitsulo mpata wochokera pansi pa nsambo kufika pamwamba pa kachitsulo ka pickup. Pickup yakufupi ndi khosi la gitala inali pansi pa milimita imodzi. Anatsitsa ma single coil onse kufika 2.4 mm mbali ya nsambo zazikulu ndi 2 mm mbali ya zazing'ono, kuti ndi poyambira pomwe a Fender, kampani yopanga Stratocaster, amapereka pa ma pickup a mtundu wakale. Kenako rula anaiika pambali. Kuchokera apo linali khutu basi: kupota pang'ono, kuliza, kusintha switch yosankhira ma pickup, kumvetsera. Ya kukhosi anaitsitsanso kuposa inzake, chifukwa pamenepo nsambo imagwedezeka motakata ndipo imafuula kale. Tsopano ndikachoka pa rizimu kupita pa lidi, mawu sadumpha ngati wina wakhudza volume.

Pa humbucker anakhalitsapo. Ili ndi ma screw 6, nsambo iliyonse yake. Nsambo yanga ya G, poti ndi yosakulunga ndi waya, inkaphimba zinzake, pomwe D inkamveka ngati ili chipinda china. Anatsitsa screw ya G, n'kukweza ya D, osapota kuzungulira konse, kotala chabe nthawi iliyonse. Nditawapempha kuti achitenso chimodzimodzi pa ma single coil, anakana kwamtuwagalu. Akuti pa anga tizitsulo tija ndi maginito enieniwo, ndipo waya wozungulira pamenepo ndi wopyapyala ngati tsitsi. Ukakankha kachitsulo kamodzi, wayayo akaduka, pickup yafa. Ndinakhala chete, poti kunyumba ndinali nditaganizapo zogogoda ndi hamala.

Zodandaula zilipo. Anandiuza kuti ndifike 10 koloko m'mawa, iwo anafika cha m'ma 12, ndipo tisanayambe magetsi anathima. Ntchitoyi popanda ampulifaya sitheka, ndiye ndinabwereranso mawa lake, ndalama ya kabaza kawiri. Screw imodzi yokwezera pickup inali itadyedwa ndi dzimbiri (chinyezi cha Mzuzu mukuchidziwa), mutu wake unaphwanyika pomasula, ndipo anaikapo yakuda pakati pa zoyera. Sanayalenso kansalu, moti sikuludiraiva inatereka n'kusiya kachipsera pa pulasitiki. Kang'ono, koma ine ndimakaona.

Lamlungu lotsatira ndinakweza ampulifaya pang'ono kuposa kale, popeza gitala sikufuulanso ngati poyamba. Koma noti iliyonse ikumveka payokha, ndipo E ija yasiya kukangana yokha. Wa kiyibodi anafunsa ngati ndagula ina.

Ndikuwapatsa 4 pa 5. Mukamapita, valikani kaye nsambo zatsopano, chifukwa pa zakale sangamve bwino chomwe akukonza. Ngati mungathe, nyamulaninso ampulifaya yomwe mumaimbira. Yawo ija ndi ya bass, ndipo ndinachita kuwapempha kuti tiyesere yanga.